Achimwene, musamange hediyo musanayeze ndi dongo

Iii achimwene, imani kaye! Mwati mukufuna kuika makamu (ma camshaft, otsegula mavalavu) aakulu kuposa a fakitale n'kumanga hedi ya injini osayeza mpata wa pakati pa mavalavu ndi pisitoni? Ine zinandionekera chaka chatha pa Corolla yanga ya injini ya 4A-GE, mpaka lero mtima umandiwawa. Makamu ndinaitanitsa ku Johannesburg, ndalama ya soya yonse inathera pomwepo. Makaniko wina kuno kuboma la Mchinji ndinamufunsa bwinobwino kuti tiyeza? Iye akuti, "Bwana, injini iyi ngakhale lamba aduke, valavu sigunda pisitoni." Zoona, koma ndi kamu ya fakitale! Komanso hedi anali ataisikima (kuipala kunsi) kawiri, iye yemweyo, ndiye mpata unali utachepa kale.

Masiku awiri inayenda bwino, ikulira mokoma, anyamata a kabaza akucheuka. Tsiku lachitatu madzulo ndikuchokera kwa Kamwendo, injini itatentha, ndinaponda giya yachitatu mpaka 7,000 rpm. Ndinangomva kuti tatatata, ngati munthu akukazinga chimanga m'chiwaya, kenako phuu ku ekizozi, basi zii. Kutembenuza kiyi, injini ikungozungulira mopepuka, kompuresheni palibe. Mdima ukugwa, foni ili pa 4%, pampando wakumbuyo pali apongozi ndi nkhuku zawo, osayankhula kanthu. Inatikoka ndi lole ya mtedza, pa chingwe chomangira ng'ombe. Titatsegula, mavalavu asanu a ekizozi opindika ngati misomali yakale, pamwamba pa mapisitoni pali timabala tonga mwezi watsopano. Makaniko uja akuti vuto ndi phazi langa. Phazi langa! Ya leba sanabweze olo 1 kwacha.

Ndiye chitani izi. Gulani plasticine, dongo loseweretsa ana lija, muike pamwamba pa pisitoni pofikira mavalavu, mupake kaoyilo kuti lisamatire. Mangani hedi ndi gasiketi yakale yokhuthala mofanana ndi yatsopanoyo, tayimingi ikhale pamalo pake, zungulizani injini ndi sipanala maulendo awiri athunthu, pang'onopang'ono. Ikalimba osakakamiza. Masulani, dulani dongolo ndi lezala, muyeze kukhuthala kwake ndi vernier, kachipangizo koyezera mamilimita. Ku intake (valavu yolowetsa mpweya) pasachepere 2 mm, ku ekizozi 2.5 mm, chifukwa valavu imeneyo ikatentha imatalika ndipo pisitoni imachita kuithamangitsa ikamatseka. Zimayandikana kwambiri pafupi ndi TDC (pisitoni ikafika pamwamba penipeni) pamene mavalavu onse ali otseguka pang'ono, madigiri ngati 10 mbali iyi ndi iyo, osati pamene valavu yatseguka yonse ayi. Ngati yanuyo ili ndi ma hydraulic lifter (zokankhira mavalavu zodalira oyilo) dongo likunamizani, poti opanda oyilo amafinyika, muike olimba poyezapo.

Musakhulupirire makaniko aliyense, yezani nokha ndi maso anu. Komabe ngati simunamangepo tayimingi musaigwire, apatseni odziwa. Ine yanga anadzakonzanso mkulu yemwe uja, nanga wina wodziwa 4A-GE kuno ndani? Kunena zoona, ndi mabampu a pamsewu wa Lilongwe uwu kamu ya fakitale ndi yokwana. Ngakhale ineyo makamu aja sindinachotse, ikakhala pa aidulo imalira bwino zedi.