Msana wa kasitima ukapindika, musaunyowetse

Achimwene ena andilembera imelo. Akuti m'bale wawo anawabweretsera bokosi la kasitima kapamadzi kachidole, kamatabwa, kolumikiza wekha, koma atatsegula apeza kuti msana wake, thabwa lalitali lija lomwe nthiti zonse zimalowamo, ndi wopindika. Akufunsa ngati angaunyowetse n'kuutsendereza ndi njerwa.

Ndinaiwerenga kawiri imeloyi, mtima ukuwawa, chifukwa n'zimene ndinachita ine.

Bokosi langa anabwera nalo malume kuchokera ku Johannesburg. Linakhala pamwamba pa wadilopu ku Matawale dzinja lonse. Inu a kuno ku Zomba mukudziwa, kuyambira Disembala mpaka Malichi, nkhungu ikatsika m'phiri ngakhale nsapato zimachita nguwi. Msana umenewu amaudula ku pulayiwudi woonda, wa mamilimita 4 kapena 5. Mbali imodzi ikamwa chinyezi kuposa inzake imafufuma, thabwa n'kukhota. Ndinaunyowetsa, kuuika pakati pa magalasi awiri, njerwa pamwamba, sabata yathunthu. Unatuluka uli nji, wowongoka. Ndinamata nthiti, n'kuyamba kuika timatabwa ta m'mbali kamodzikamodzi, madzulo aliwonse ndikaweruka. Miyezi itatu. Tsiku lina nditakasuzumira chakutsogolo, mphuno inali italoza kumanzere, kumbuyo kukupita kwina. Misozi inatsika, sindibisa. Malume anali atatisiya nthawi imeneyo, ndipo kasitimako ndi kamene ndinatsala nako.

Patapita nthawi ndinakafika ku Kachulu, kunyanja ya Chilwa, komwe maboti opita ku Chisi amanyamukira. Ndinapeza mmisiri wina akuyamba boti lamatabwa. Bamboyo sanathamangire misomali. Anakoka chingwe kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo, kutsinzina diso limodzi, kusuntha thabwa pang'ono, kukokanso. Ndinaima pamenepo mpaka dzuwa kundiwotcha m'khosi. Ndinakumbukanso Ilala, yomwe inapangidwa ku Scotland mu 1949, n'kubwera m'zidutswazidutswa kudzalumikizidwa konkuno, kuyamba kuyenda pa nyanja ya Malawi mu 1951. Ndi yachitsulo inde, koma nayonso inafika ngati bokosi lanulo, ndipo olumikizawo sakanalola kuti pansi pake pakhote.

Ndiye achimwene, ndinena mosapsatira mawu: kunyowetsa n'kudzinamiza. Madzi amawongola thabwa kwa masiku ochepa, mvula ikabwerera nalonso limabwerera kumene linali, ndipo nthawi imeneyo mudzakhala mutamatapo kale zonse. Amene amalangiza zimenezi pa YouTube sakhala m'tsinde mwa phiri lino. Ena amati nthiti zikalowa msana uwongoka wokha. Ayi ndithu, nthitizo ndi zimene zimatsatira msana.

Musatengekenso ndi paini wa kuphiri yemwe wangochekedwa kumene. Ndi wosavuta kupeza, koma asanaume amapotoka koposa pulayiwudi uja. Mlombwa ndimaukonda, koma umenewo sungirani choikapo kasitima kakatha.

Chochita

Dulani msana wina. Funsani akalipentala a kumsika chidutswa cha pulayiwudi wa makulidwe ofanana ndendende ndi wakaleyo, apo ayi nthiti sizilowa bwino. Chigone chafulati m'chipinda chomwe mumagwirira ntchito masiku angapo. Tsenderezani msana wakale pamwamba pake, jambulani m'mphepete ndi pensulo yosongoka, dulani ndi kasowo ka mano ang'onoang'ono kunja kwa mzere, mumalize ndi tupa ndi sandipepa. Mipata ya nthiti ikhale yothina pang'ono. Pomata, msanawo upanidwe pakati pa timitengo tiwiri towongoka tokhomera pa thabwa lolimba, nthiti iliyonse muiyeze ndi sikweya guluu asanaume, ndipo pakati pa nthiti mumate tizidutswa tamatabwa tolimbitsa. Timatabwa ta m'mbali muziika kamodzi kumanja, kamodzi kumanzere. Msana wakalewo musautaye mpaka nthiti yomaliza italowa.