Mwana watsala ndi milungu 6 ku mishoni: zake ndi ziti, zanu ndi ziti?

Mayi ena a ku Blantyre atilembera imelo. Mwana wawo wamwamuna ndi mmishonale wa Mpingo wa Yesu Khristu wa Oyera Mtima a Masiku Otsiriza, akutumikira ku Durban, ndipo zaka zake ziwiri zikutha pakapita milungu 6. Akuti masiku ano akaimba foni nkhani yake ndi ya kunyumba yokhayokha, ndipo abale ayamba kale kubweretsa mayina a zinthu zoti awagulire ku Joni. Akufunsa kuti m'milungu yotsalayi chimachitika n'chiyani, nanga iwo monga kholo akonze zotani.

Mayi, zikomo potilembera. Tiyambe ndi mfundo imene makolo ambiri samaikonda: milungu imeneyi sinakhale yanu ayi, ikadali ya ntchito yake. Zanu zilipo zambiri, koma zili konkuno.

Amishonale amatha kusamutsidwa kapena kusinthidwa anzawo oyenda nawo pakatha milungu 6 iliyonse, ndipo opita kwawo amanyamuka pa nthawi yomweyo ya kusamutsana. Choncho mwana wanu walowa m'chigawo chake chomaliza. Tsiku lonyamuka sasankha yekha, ndipo tikiti sagula yekha. Ofesi ya mishoni ndiyo imakonza ulendo wonse n'kutumiza ndondomeko yake kwa makolo ndi kwa atsogoleri a mpingo a kwanu. Ikakufikani, musangoona tsiku lokha. Onani ngati dzina lalembedwa chimodzimodzi ndi la m'pasipoti, chilembo ndi chilembo, ndiponso ngati akutera ku Chileka kapena ku Kamuzu International Airport ku Lilongwe. Banja la ku Blantyre kukadikirira ku Chileka pamene mwana akutera ku Lilongwe ndi vuto la makilomita oposa 300. Ola la ku South Africa ndi la ku Malawi ndi limodzi, ndiye nthawi yolembedwa pa tikitiyo ndi yomweyo ya pa wotchi yanu.

Mukamayankhula naye, mumufunse ngati wawona ndi maso ake tsiku limene visa yake ikutha. Nthawi zambiri ofesi imasamala zimenezi bwinobwino, koma chilango chikabwera chimagwera mwini pasipoti. Malamulo a South Africa a 2014 amati munthu amene wapyola nthawi yake ndi masiku osaposa 30 amaletsedwa kulowanso m'dzikomo kwa miyezi 12, ndipo akapyola ndi masiku oposa 30 ndi zaka zisanu. Kwa mnyamata amene mwina adzafuna kupitanso ku kachisi wa ku Johannesburg kapena kukaphunzira, si nkhani yoichepetsa. Ngati masikuwo sakugwirizana, auze ofesi sabata ino, osati pa bwalo la ndege.

Tsopano za ntchito yakeyo, pakuti apa ndi pamene zinthu zimawonongeka mwakachetechete. Mmishonale amene mtima wapita kale kwawo sasiya kudzuka 6:30 m'mawa, sasiya kuvala tayi ndi baji. Chimene amasiya ndi kufunafuna anthu atsopano, chifukwa amadziuza kuti ubatizo wawo sadzauona. Ndiye mnzake wotsala amapezeka ali ndi dera lopanda munthu woti amuphunzitse, n'kuyambanso pachiyambi. Zikachitika kuti onse awiri achoka nthawi imodzi, obwera kumene amadalira zolembedwa zokha.

Zolembedwazo ndi za m'buku la dera, buku lolembamo anthu amene amishonale akuwaphunzitsa m'deralo, limene masiku ano m'mishoni zambiri lili pa foni. Kulemba kuti "Mlongo wakuti, Umlazi, ali ndi chidwi" n'kusalemba kanthu. Umlazi ndi dera lalikulu logawidwa m'zigawo za zilembo, ndipo nambala ya nyumba payokha siifikitsa mlendo pakhomo. Alembe chigawo, potsikira minibasi, chizindikiro chapafupi monga sitolo kapena sukulu, nthawi imene munthuyo amapezeka, kaya amamva bwino Chizulu kapena Chingerezi, phunziro lomaliza limene anaphunzira, chimene analonjeza kuchita, ndi chimene chikumuvuta. Ngati mwamuna wa pakhomopo safuna kuti amishonale azibwera iye kulibe, zimenezo zilembedwe. Ngati pali galu wolusa, alembenso. Azichita zimenezi madzulo aliwonse, munthu mmodzi kapena awiri, chifukwa za usiku womaliza zimalembedwa mothamanga.

Chachiwiri, aliyense amene akumuphunzitsa ndi aliyense amene wabatizidwa posachedwa akhale ndi mnzake wa mumpingo momwemo amene amamudziwa pakhomo pake. Obatizidwa kumene ambiri amasiya kubwera mmishonale wawo akachoka, chifukwa ubwenzi wawo unali ndi iye yekha. Njira yake ndi yosavuta: pa maulendo onse otsalawa azipita ndi membala, ndipo membalayo ndiye aziyankhula kwambiri. Milungu itatu yomaliza, mnzake wotsalayo azitsogolera pokonza dongosolo la tsiku, aziimba mafoni, azitsogolera njira. Mwana wanu azitsatira pambuyo.

Asasiye ngongole, ngakhale ya buledi pa kasitolo ka pafupi. Asalonjeze munthu ndalama, fizi kapena ulendo wodzamuona. Ndalama za mwezi ndi mwezi zimene mishoni imamupatsa ndi za chakudya ndi mayendedwe a pa ntchito, si zogulira mphatso, ndipo zotsala zimabwezedwa. Nyumba imene akukhala imayenderedwa, choncho firiji, chitofu ndi bafa azitsuke asanachoke. Zithunzi ndi makalata a pa imelo ya umishonale azisamutsire ku imelo yakeyake kapena pa fulashi, chifukwa akauntiyo imatsekedwa pakapita nthawi akamasulidwa pa udindo wa umishonale, ndipo nambala ya foni imene amakuimbirani nayo imatsala ndi dera.

Ndiye nkhani ya mafoni a Lolemba. Kuyambira mu Febuluwale 2019 amishonale amaloledwa kuyankhula ndi banja lawo sabata iliyonse pa tsiku lokonzekera, tsiku lawo lochapa ndi kugula zofunika, limene nthawi zambiri limakhala Lolemba. N'chinthu chabwino, koma m'milungu yomaliza foni yomweyo imatha kumukoka mwana kumubweretsa kunyumba thupi likadali ku Durban. Musamuwerengere masiku. Mufunseni za anthu amene akuwaphunzitsa, mayina awo, ndani wabwera kutchalitchi Lamulungu. Nkhani za ndiwo zimene mudzamuphikire zidikire.

Pali nkhani imodzi ya kunyumba imene akuifuna ndithu. M'chigawo chomalizachi amishonale amachita maphunziro otchedwa My Plan, pang'onopang'ono sabata iliyonse, pamene amalemba zolinga zawo za sukulu, ntchito, banja ndi utumiki. Zimenezi amakambirana ndi pulezidenti wa mishoni pa kuyankhulana kwawo komaliza. Vuto lake ndi lakuti mnyamata amene wakhala kunja zaka ziwiri amalemba maloto, chifukwa sadziwa zimene zili pansi kuno. Amalemba kuti "ndikalowa yunivesite" osadziwa kuti a NCHE anatseka liti kulandira makalata ofunsira malo. Inu ndi amene mungamuthandize. Pezani satifiketi yake ya MSCE muione kuti ili bwino. Fufuzani masiku ofunsira malo ku mayunivesite, ku makoleji a ntchito zamanja a pansi pa TEVETA, ndi fizi yake ya chaka chino, osati ya chaka chimene ananyamuka. Ambiri obwerera ku mishoni amalowa BYU-Pathway Worldwide, maphunziro a pa intaneti amene obwera kumene ku mishoni amawachotsera gawo la fizi. Koma amafuna kompyuta kapena foni yabwino, bandulo ya sabata iliyonse ndi magetsi, ndiye muwerengeretu ngati pakhomo zimenezi zingatheke. Mumutumizire zonsezi mu imelo imodzi yomveka bwino, manambala ali pomwepo.

Muuzeninso mitengo. Aliyense amakumbukira mmene zinthu zinadumphira kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo kuchokera apo sizinaime. Amene wakhala kunja amabwera ndi mitengo yakale m'mutu. Muuzeni mtengo wa thumba la chimanga, wa minibasi yochokera kwanu kupita ku Limbe, wa malita awiri a mafuta ophikira.

Za abale aja, mayi, musadikire kuti mwana adzayankhe yekha. Kwathu kuno munthu wochokera ku Joni timamudziwa ndi katundu: mabulangete, mafoni, nsapato, zikwama zodzaza pamwamba pa basi. Ndiye amalume ake ndi azakhali ake akamva kuti wakhala zaka ziwiri ku South Africa, sakuganiza zoipa, akungoganiza zimene anazolowera. Koma mmishonale salandira malipiro. Akubwera ndi masuti otha, malemba odzaza ndi zolembalemba, ndi nsapato zobooka. Muwauze momveka, panopa, mmodzimmodzi, kuti mwana sanapite kukagwira ganyu. Mukapanda kutero adzafika ndi manyazi pa tsiku limene amayenera kusangalala, kapena adzathera milungu yake yomaliza m'masitolo ndi ndalama zimene si zake. Mndandanda wa zogula umene mwalandirawo musamutumizire n'komwe.

Katundu amene angatenge ndi wochepa kale. Malire amasiyana ndi kampani ya ndege, ena makilogalamu 20, ena 23 pa chikwama, ndipo cha m'manja nthawi zambiri ndi 7 kapena 8. Chimene chili pa tikiti yake ndicho lamulo, ndipo zoposa pamenepo amalipira yekha, modula. Apime zikwama pa sikelo kutatsala sabata. Chimene chimalemera kwambiri ndi mabuku ndi nsapato. Malemba ake ndi mabuku amene wakhala akulembamo za tsiku ndi tsiku aziike m'chikwama cha m'manja pamodzi ndi pasipoti, chifukwa chikwama chachikulu chimatha kutsalira pa bwalo la ndege la OR Tambo ku Johannesburg posintha ndege, ndipo zimenezo sizigulidwanso. Power bank siiloledwa m'chikwama chachikulu, ilowe cha m'manja. Zamadzimadzi zoposa mamililita 100, monga mafuta odzola, zipite m'chachikulu. Ayironi kapena ketulo ya ku Durban asavutike nayo: pulagi yake ndi ya mano atatu ozungulira pamene masoketi athu ndi a mano a makona. Ngati wanyamula chinthu chatsopano cha mtengo, asunge lisiti ndipo auze a MRA pofika. Marandi otsala akasinthe ku banki kapena ku malo ovomerezeka.

Tsiku lofikalo akadali mmishonale. Baji ikadali pa chifuwa ndipo malamulo a mishoni akumugwirabe mpaka amasulidwe ndi pulezidenti wa siteki (siteki ndi gulu la mipingo ingapo ya dera limodzi), kapena mtsogoleri amene wapatsidwa udindowo kumene kulibe siteki. Panganani nawo nthawi isanafike, makamaka tsiku lomwelo kapena mawa lake. Mwana akakhala masiku atatu osamasulidwa amasowa pogwira: sangayende yekha momasuka, komanso alibe mnzake wa pa ntchito. Pambuyo pake amapereka lipoti kwa atsogoleri ndipo amapemphedwa kuyankhula mu msonkhano wa sakramenti, mapemphero aakulu a Lamulungu. Phwando lalikulu silofunika. Chakudya cha banja chikwanira, ndipo ndalama za tenti ndi zokuzira mawu zikhale za fizi.

Za thanzi musazengereze nazo. Mumzinda wa Durban mulibe malungo monga kuno. Malungo a ku KwaZulu-Natal ali kumpoto, kufupi ndi malire a Mozambique. Thupi limene lakhala zaka ziwiri osalumidwa ndi udzudzu wa malungo limataya mphamvu ina imene linali nayo, choncho malungo oyamba akabwerera amatha kumugwetsa kwambiri kuposa azibale ake. Masikito ikhale itamangidwa kale pa bedi lake usiku woyamba, makamaka ngati akubwera nyengo ya mvula. Zizindikiro zimayamba patapita sabata kapena iwiri chilumidwireni. Akangotentha thupi apite kukayezetsa tsiku lomwelo, osayamba ndi panado n'kudikira. South Africa ndi limodzi mwa mayiko amene chifuwa chachikulu n'chofala kwambiri, ndipo mmishonale amakhala m'nyumba za anthu ambiri tsiku lililonse. Akayezetse akangofika, ndipo ngati akutsokomola kwa milungu iwiri, akutuluka thukuta usiku kapena akuwonda, musadikire. M'zipatala za boma kuyeza ndi mankhwala a TB ndi zaulere.

Tinthu ting'onoting'ono timene timakwiyitsa: nambala yake yakale ya TNM kapena Airtel mwina inapatsidwa kale kwa munthu wina chifukwa chosagwira ntchito, ndipo kuti alembetse ina afunika chiphaso cha unzika. Chifufuzeni lero mudziwe pamene chili.

Chomaliza ndi mwezi woyamba. Kwa zaka ziwiri ola lililonse la tsiku lake linali ndi ntchito, ndipo sanakhalepo yekha. Akamasulidwa zonsezo zimatha tsiku limodzi. Mudzamuona akudzuka m'mamawa n'kusowa chochita, akusakaniza Chichewa ndi Chingerezi ndi Chizulu, mwina akukhala chete kapena kudandaula ndi nyimbo za pa wailesi. Si kunyada ayi, ndipo nthawi zambiri zimatha pakapita milungu ingapo. Chimene chimathandiza ndi ntchito yeniyeni kuyambira sabata yoyamba: kumunda, ku bizinesi ya banja, makalasi a Institute (maphunziro a malemba a achinyamata a mpingo), ndi udindo ku mpingo, umene mungapemphe bishopu kapena pulezidenti wa nthambi kuti auganizire mwana asanafike. Mumupatse malo ake ogona ndi owerengera, ngakhale ndi kangodya chabe. Nkhani ya ukwati idzabwera, koma azakhali ake asaiyambitse pa bwalo la ndege. Ngati patha mwezi ndi theka akulephera kugona, sakudya kapena akudzitsekera m'chipinda, pitani naye kuchipatala ndipo muwadziwitse atsogoleri a mpingo.