Mwana wosakhazikika m'kalasi: yambani mwamuyezetsa maso ndi makutu

Mayi wina wa ku Chibavi mumzinda wa Mzuzu walemba kuti mwana wake wazaka 8, yemwe ali Sitandade 3, watopetsa aphunzitsi. Sakhazikika, amatsamira anzake, amadumpha mizere powerenga, ndipo amathyola mapensulo polemba. Bambo ake akuti ndi mwano wofunika mkwapulo. Mayiyu akufunsa ngati mwanayo abwereze kalasi.

Mayi, mkwapulowo uyambe wadikira, kubwereza kalasi nakonso kudikire. Zimene mwatchulazi nthawi zina zimachokera m'thupi, ndipo mwana sangazifotokoze chifukwa amaganiza kuti aliyense amaona ndi kumva ngati iyeyo.

Tiyambe ndi maso. Mwana atha kuwerenga bwino tchati cha zilembo chimene amayezera ataima mamita 6, koma n'kumavutikabe ndi buku. Powerenga pafupi, maso onse awiri amayenera kulunjika pa liwu limodzi ndi kuyendera limodzi pamzere. Akamalephera kutero, zilembo zimaoneka ziwiriziwiri kapena sizioneka bwino, mutu umapweteka, ndipo pakapita kanthawi mwana amasiya buku n'kuyamba kusokoneza mnzake. Muonetsetseni kunyumba: kodi amatsinzina diso limodzi, kupendeketsa mutu, kutikita maso kapena kuyandikizitsa buku kumaso? Pitani naye ku chigawo cha maso ku Mzuzu Central Hospital, ndipo munene momveka kuti vuto lili pa kuwerenga pafupi. Tili ndi mwayi kuno, chifukwa Mzuzu University imaphunzitsa akatswiri oyeza maso. Chonde musachedwe: diso limodzi likakhala lofooka, limathandizika bwino mwana akadali wamng'ono, ndipo zaka 8 si zochepa.

Kutsamira anzake kukhoza kukhudza khutu. M'kati mwenimweni mwa khutu muli timachubu titatu tokhala ndi madzi, timene timauza ubongo mmene mutu ukutembenukira. Uthengawu ukamasokonekera, kukhala mowongoka kumasanduka ntchito, makamaka mwana akakhala pansi popanda desiki. Ngati khutu lake linatulukapo mafinya kapena amamva chizungulire, auzeni adokotala, amuyezenso ngati amamva bwino.

Za mapensulo n'zina. Minofu ndi mfundo za thupi zimauza ubongo pamene dzanja lili ndi mphamvu imene likugwiritsa ntchito. Mwana amene samva bwino uthengawu amadinikiza pensulo mpaka kuboola pepala, amagunda zinthu, ndipo akati akhudze mnzake amamukankha. Ndimamva chisoni kwambiri ndi ana otere, chifukwa amalangidwa ngati andewu pamene cholinga chawo chinali kusewera.

Kunyumba msiyeni asewere phada, fulaye ndi kulumpha chingwe, azithandizanso kutunga madzi m'kachidebe koyenera msinkhu wake. Izi zimalimbitsa thupi, koma sizilowa m'malo mwa magalasi kapena kumuphunzitsa kuwerenga. Onaninso ngati amagona mokwanira ndi kudya asanapite kusukulu.

Aphunzitsi muwapemphe kuti amuike kutsogolo, amulole kulondoleza mzere ndi rula, ndipo azimutuma kufufuta bolodi akaona kuti wayamba kutakataka. Muwapemphenso alembe zimene amaona m'kalasi, pepalalo mupite nalo kuchipatala. Maso ndi makutu akapezeka kuti ali bwino koma vuto likupitirira, kafunseni ku St John of God konkuno ku Mzuzu, komwe amathandiza ana amene kakulidwe kawo kali ndi zovuta. Bambo ake apite nawo, akadzimvere okha zimene adokotala anene.