Kodi Yehova anali mulungu wa Akanani?

Achimwene ena andilembera imelo sabata yathayi, akuti anaonera vidiyo pa YouTube yonena kuti Yehova anali kamulungu ka Akanani kenako Aisraeli anangomutola, ndiye akufuna adziwe ngati zili zoona, komanso ngati Yehovayo anali ndi mkazi. Achimwene, nkhaniyi ili pawiri, ndipo a vidiyowo asakaniza mayina awiri, El ndi Yahweh (ameneyu ndi amene Buku Lopatulika limati Yehova).

Tiyambe ndi El, mulungu wamkulu wa Akanani. Mu 1928 mlimi wina ku gombe la Syria akulima anagunda mwala wovindikira manda akalekale, chaka chotsatira Claude Schaeffer ndi anzake anayamba kufukula pa chitunda cha Ras Shamra, n'kupeza mzinda wa Ugarit umene unawonongedwa cha m'ma 1185 BC. M'menemo munali mapale a dongo olembedwa nkhani za milungu. Mkulu wa onse ndi El, nkhalamba ya ndevu zaimvi yomwe ankaitchanso ng'ombe yamphongo, mkazi wake Athirat yemwe m'Baibulo ndi Asera uja, ana awo 70. Baala aliponso, wa mvula ndi ziphaliwali, ankamuti wokwera pa mitambo. Koma pa mindandanda ya milungu imene ankaipatsa nsembe ku Ugarit, Yahweh palibe.

Ndiye taonani dzina loti Israel, kumapetoko kuli El osati Yah. Beteli chimodzimodzi, nyumba ya El. Ndipo Baibulo lenilenilo silibisa ayi, pa Eksodo 6:3 Mulungu akuuza Mose kuti kwa Abrahamu, Isake ndi Yakobo anaonekera ngati El Shaddai koma dzina la Yehova iwo sanalidziwe.

Nanga Yahweh anachokera kuti? Nyimbo zakale kwambiri za m'Baibulo zikuloza kummwera. Oweruza 5 akuti anatuluka ku Seiri, ku dziko la Edomu, nthaka n'kugwedezeka mitambo n'kukhuthula madzi, Habakuku 3:3 akuti ku Temani. Ku Soleb, ku Sudan ya lero, pa kachisi wa Farao Amenhotep III wa m'zaka za m'ma 1300 BC analembapo za Shasu a ku Yhw, anthu oyendayenda ndi ziweto, ndipo akatswiri ambiri amati dzinali ndi lomwelo la Yahweh ngakhale ena amatsutsa. Apa mpomwe ine ndimati a vidiyo aja anathamanga nazo, chifukwa umboni ukuonetsa kuti Yahweh anabwera kuchokera kwina n'kudzalowa m'malo a El, maudindo a El onse n'kukhala ake, za Baala zina monga kukwera pa mitambo n'kutenganso, koma Baala mwiniwakeyo n'kumukana kwamtuwagalu.

Vesi imene imandizunguza mutu ine ndi Deuteronomo 32:8-9. Mabaibulo ambiri amati Wam'mwambamwamba anagawa mitundu monga mwa chiwerengero cha ana a Israeli, koma chidutswa cha mpukutu chimene chinapezeka ku Qumran, pafupi ndi Nyanja Yakufa, chimati ana a Mulungu, kenako n'kuti gawo la Yehova ndi Yakobo. Ena amawerenga kuti Wam'mwambamwambayo ndi El, akugawira ana ake mitundu ndipo Yahweh walandira Israeli, ena amati Wam'mwambamwambayo ndi Yahweh yemweyo wangodzisungira gawo lake. Ine ndimapendekera koyambako, komatu musakanene kuti ndalumbira.

Mwina zikumveka zachilendo, koma ifenso dzina loti Chauta makolo athu ankalitchula pothira nsembe mamishonale asanafike, ndipo Buku Loyera la 1998 linalitenga n'kuliika pomwe Buku Lopatulika lili ndi Yehova. Sizofanana ndendende, komabe mukuona mmene dzina limasamukira.

Za mkazi ija munafunsa kumapeto. Ku Kuntillet Ajrud m'chipululu cha Sinai, Ze'ev Meshel anafukula m'ma 1975 ndi 1976 mitsuko ikuluikulu ya cha m'ma 800 BC, pa wina panalembedwa mdalitso m'dzina la Yahweh wa ku Samariya ndi asera wake. Kaya aserayo ndi mulungu wamkazi kaya ndi mtengo wopatulika woimira iyeyo, mkangano ukadalipo. Chomwe 2 Mafumu 23 imanena n'chakuti cha m'ma 622 BC mfumu Yosiya anatulutsa asera m'kachisi mwenimweni mwa ku Yerusalemu, n'kukamuotcha ku mtsinje wa Kidroni, n'kumupera mpaka fumbi, fumbilo n'kuliwaza pa manda a anthu wamba.