Achimwene akuwachotsa magazi sabata iliyonse ku Dublin: yankho kwa mayi a ku Chilomoni

Lachiwiri ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi ena a ku Chilomoni, ndipo andilola kuyankha pano bola ndisatchule dzina. Achimwene awo a zaka 46 amagwira ntchito ku Dublin. Madokotala akumeneko awapeza ndi ayironi wochuluka zedi m'thupi, akuti ndi matenda akumtundu otchedwa haemochromatosis, ndipo sabata iliyonse akumawachotsa thumba limodzi la magazi. Awauzanso kuti onse a bere limodzi akayezetse. Amayi awo kumudzi ku Thyolo chimvereni zimenezi tulo sakutiona, akungoti mwana wanga akumupopa. Bambo awo anamwalira kale atatupa mimba, ndipo anali munthu wa masese. Olemba kalatawa nawonso atha chaka akumva kutopa, moti akhala akumwa mapilitsi a ayironi owonjezera magazi ogula ku famase. Akufunsa ngati matendawa alikodi, nanga iwo atani.

Achemwali, ndiyambira pa mapilitsiwo. Ngati sanakulembereni ndi adokotala ndipo simuli oyembekezera, aikeni kaye pambali mpaka mutayezetsa. Kwathu kuno munthu akangoti ndikutopa, mudzi wonse umagamula kuti magazi achepa. Uyu akubweretserani bonongwe, uyo chidede, winanso akuwiritsirani masamba a mapeyala. Nthawi zambiri amakhala alondola, chifukwa kuchepa kwa magazi ndi vuto lenileni m'dziko muno, makamaka kwa amayi ndi ana. Koma m'banja mwanu mwapezeka munthu amene vuto lake ndi losiyana ndi limenelo, ndiye kumeza ayironi tsiku ndi tsiku musanadziwe mbali yomwe inu muli n'kuthira madzi mumtsuko womwe mwina wadzadza kale.

Matendawa alikodi. Thupi la munthu wamkulu limasunga ayironi wokwana magalamu 3 kapena 4, tingoti kamsomali kamodzi ka akalipentala. Pa chakudya chonse cha tsiku, matumbo amangotengapo miligalamu imodzi kapena ziwiri, kwinako kumapita kuchimbudzi. Amaumira chonchi chifukwa ayironi akalowa, thupi lilibe khomo lenileni lomutulutsira kupatula kutaya magazi. Amene amalondera pachipatapo ndi kanthu kotchedwa hepcidin, kopangidwa ndi chiwindi. Ayironi akakwana, hepcidin amauza matumbo kuti basi, tsekani. Mwa munthu wa matendawa mlondayu amakhala ngati wagona, chipata chili chitsegulire. Kowonjezera kolowa pa tsiku ndi kochepa, koma werengani zaka 30 kapena 40. Ena amafika posunga magalamu 20. Ayironiyo amakaunjikana m'chiwindi, mumtima, m'chiwalo chopanga insulini, ndiponso molumikizira mafupa.

N'chifukwa chake munthu amayenda nawo zaka zambiri osadziwa kanthu. Abambo amayamba kumva zizindikiro atapitirira zaka 40. Amayi amachedwerapo, chifukwa msambo ndi uchembere zimawachotsera ayironi. Ambiri zimawatulukira atasiya kusamba. Zizindikiro zakenso n'zosokoneza, zofanana ndi za matenda ena khumi: kutopa kosatha, kuchepa mphamvu kuchipinda, shuga, mtima kugunda mosalongosoka. Mabuku a azungu amakonda kunena za khungu losanduka ngati mkuwa, koma pakhungu lathuli zimenezo sizioneka msanga, musadikire zimenezo. Chomwe ndimauza anthu kuti achitchere khutu ndi kupweteka kwa mfundo ziwiri zapankhonya, ya chala cha mkombaphala ndi ya chala chapakati. Munthu mpaka amazemba moni wa m'manja pa maliro chifukwa akamufinya amamva ngati amubaya.

Pali china chomwe ndikufuna mukawafunse achimwenewo. Ireland ndi dziko lomwe matendawa ndi ofala kwambiri: pafupifupi munthu mmodzi mwa 83 aliwonse anatengera chilema cha gene (kachidutswa ka chibadwa komwe timatengera kwa makolo) yotchedwa HFE kwa bambo ndi mayi omwe. Gene imeneyi inadziwika mu 1996, ndipo chilema chake chachikulu amachitcha C282Y. Madokotala akumeneko anazolowera kuchiona. Koma mwa anthu akuda a kuno ku Africa chilema chimenechi n'chosowa kwambiri, pokhapokha ngati kumtundu kwanu kuli magazi achizungu, zomwe muno mu Blantyre ndi m'minda ya tiyi si zachilendo. Ngakhale zitatero, pamafunika kutengera mbali zonse ziwiri, kwa bambo ndi kwa mayi. Ndiye auzeni achimwene ajambule mapepala awo akutumizireni pa WhatsApp. Muone ngati anayezadi gene n'kupeza C282Y kawiri (ya kwa bambo ndi ya kwa mayi), kapena anangopeza ayironi wokwera. Ngati anapeza kawiri, aliyense wa inu a bere limodzi ali ndi mpata umodzi mwa inayi wokhala chimodzimodzi. Ndipo si onse oterewa amadwala.

Nkhani ya bambo anu ndi imene yandikhalitsa pansi. Kuno kummwera kwa Africa tili ndi mtundu wathuwathu wa vutoli. Dokotala wina dzina lake Strachan anaulemba mu 1929 ku Johannesburg, ataona ziwindi zodzadza ayironi m'matupi a anthu akuda omwalira. Pambuyo pake zinadziwika kuti gwero lalikulu ndi mowa wamasese wofululidwa m'migolo yachitsulo. Mowa ukamasasa umadya chitsulo cha mgolowo, ndipo womwa amameza ayironi wambiri wosavuta kulowa m'magazi. Amene munaonapo mgolo wofululira mukudziwa momwe m'kati mwake mumaonekera, dzimbiri lofiirira mpaka pansi. Kwa zaka zambiri ankati vuto ndi mgolo basi. Koma mu 1992 Victor Gordeuk ndi anzake, atafufuza mabanja a chigawo chino, anapeza kuti si onse akumwa mowa womwewo amene amadzadza ayironi; zimatsata mabanja, kusonyeza kuti chibadwa chilinso ndi mbali yake. Anthu oterewa chiwindi chimauma, ena chimachita khansa, ndipo chifuwa chachikulu chimawagwira mosavuta. Sindikugamula kuti n'chimene chinatenga bambo anu. Kutupa mimba kumabweranso ndi Hepatitis B, likodzo, ngakhale mowa pawokha. Koma bambo kutupa mimba, mwana wawo n'kupezeka ndi ayironi wochuluka, ameneyo ndi mutu woti adokotala aumve. Mukawauze zonse ziwiri.

Kuyeza kwake samalani nako. Kuja amakubayani pachala n'kukuuzani kuti magazi anu ali 12 kapena 13 si kumeneko. Kumeneko amayeza haemoglobin, ndipo munthu wodzadza ayironi akhoza kupezeka bwinobwino pamenepo. Mukufunika zinthu ziwiri, zilembeni papepala: ferritin, yosonyeza ayironi amene thupi lasunga, ndi transferrin saturation, yosonyeza kuchuluka kwa ayironi amene magazi anyamula. Chipatala chaching'ono chapafupi kawirikawiri sichiyeza zimenezi, choncho pemphani kalata yopita ku Queens, kapena funsani ku malabu olipira m'tauni muno. Transferrin saturation ikapitirira 45 peresenti, ndipo ferritin ikapitirira 200 kwa mayi kapena 300 kwa bambo, pamenepo pafunika kufufuza mozama. Ferritin ikadutsa 1000, adokotala amafuna kuona ngati chiwindi sichinayambe kuuma.

Koma ferritin payokha ndi mboni yonama nthawi zina. Imakwera munthu akadwala malungo, TB, HIV, Hepatitis B, akamamwa mowa, ngakhale akanenepa mpaka mafuta kukuta chiwindi. Kuno kwathu zimenezi n'zochuluka kuposa matenda a achimwene anu. Musakayezetse muli ndi malungo kapena mutangochira kumene, dikirani masabata angapo. Ndipo nambala imodzi isakulizeni. Nthawi zambiri amabwereza.

Mankhwala ake ndi omwewo akuopsa amayi anu kumudzi. Thumba limodzi la magazi, pafupifupi theka la lita, limatuluka ndi ayironi wokwana mamiligalamu 200 mpaka 250. Thupi popanga magazi atsopano limakatapa ayironi uja anaunjikana m'chiwindi. Tawerengani nokha: munthu amene ali ndi magalamu 10 owonjezera afunika matumba ngati 40, kutanthauza miyezi 9 kapena 10 akupita sabata iliyonse. Amapitiriza mpaka ferritin itatsika kufika pakati pa 50 ndi 100, kenaka amangopita kamodzi pa miyezi iwiri, itatu kapena inayi, moyo wonse. Asanachotse amayeza haemoglobin kuti asamuumitse munthu. Amene anapezeka chiwindi chisanaume ndiponso shuga asanayambe amakhala zaka zofanana ndi wina aliyense. Kutopa kumachepa. Mafupa okha ndi amakani, kawirikawiri amapitiriza kupweteka. Mapilitsi ochotsa ayironi aliponso, monga deferasirox, koma amenewo ndi a anthu omwe sungawachotse magazi, monga odwala sickle cell amene adzadza ayironi chifukwa cholandira magazi kambirimbiri. Ndipo chonde musangopita ku Malawi Blood Transfusion Service kukapereka magazi n'kumati ndadzichiza. Kupereka magazi n'kwabwino, koma ndondomeko ya matendawa ikufunika adokotala owerenga manambala anu.

Pa zakudya sindikuvutitsani. Nsima idyeni, masamba idyeni, ayironi wa m'masamba salowa wambiri. Mukapezeka nawo matendawa, chepetsani chiwindi ndi nyama yofiira, siyani mowa, musamwe mapilitsi a ayironi kapena a vitamini C, chifukwa vitamini C amakokera ayironi m'thupi. Tiyi womwera pa chakudya amachepetsa ayironi wolowa, ndiye anthu a ku Thyolo apa mwapata. Koma kapu ya tiyi singachotse zomwe zaunjikana zaka 40.

Amayi anu musawaseke. Anthu a ku Thyolo, Mulanje ndi Phalombe akukumbukira bwino mphekesera za anamapopa za mu 2017, anthu mpaka anaphedwa. Kwa munthu woti moyo wake wonse wamva kuti magazi ndiwo moyo, kumva kuti mwana wake akumuchotsa thumba sabata iliyonse kudziko lachilendo si nkhani yaing'ono. Loweruka likubwerali kwerani minibasi ku Limbe, mukafike ndi foni yodzadza bandulo, achimwene awaimbire pa vidiyo tsiku lomwe achokera kuchipatala, awaone akuyenda, akudya, akuseka. Ndipo poti muli komweko, afunseni amayi za abale a bambo anu: ndani anatupa mimba, ndani anali ndi shuga, ndani ankadandaula zala. Mulembe mayinawo kuseri kwa pepala lija la ferritin, mupite nalo kwa adokotala.