Bambo akukana kuti ukafufuze za mbewa, koma iwe wawafotokozera chiyani?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mtsikana amene anamaliza digiri ya biomedical science ndipo wapeza thandizo lokachita masitazi ku South Africa. Kafukufuku amene amupatsa ndi wofuna kudziwa momwe kutentha kumasinthira mapuloteni m'miluza ya mbewa. Bambo ake akana. Akuti sanavutike ndi fodya zaka zonsezi kuti mwana wawo akawete mbewa zomwe ana amakumba okha m'malimwe, ndipo akufuna alembere udokotala ku KUHeS, yunivesite ya zaumoyo ya Kamuzu. Iye akufunsa ngati apite, nawonjezera kuti mwina kumeneko akapeza mankhwala oteteza makanda.

Makalata otere amandipeza kawirikawiri, ndipo amanditopetsa mbali zonse ziwiri. Ndiyamba ndi iwe, mwana wanga. M'kalata yako yonse mulibe mzere ndi umodzi womwe wofotokoza ntchitoyo. Bambo akumvera bwanji ngati mwini wake ukungobwereza mutu umene unakoperamo pa imelo?

Nkhani yake ndi iyi. Puloteni imagwira ntchito ikapindika m'njira yake yoyenera, ndipo kutentha kumaiwongola n'kuiwononga, monga momwe dzira limaumira m'chiwaya. Selo likamva kutentha limachepetsa kupanga mapuloteni a masiku onse, n'kuyamba kupanga ambiri a gulu lotchedwa heat shock proteins, makamaka HSP70, amene amagwira mapuloteni owonongekawo n'kuwathandiza kupindikanso. Ferruccio Ritossa wa ku Italy ndiye anayamba kuona zizindikiro za zimenezi mu 1962 pa tintchentche ta pazipatso, ndipo mapuloteniwo anadziwika mu 1974. M'zaka za m'ma 1960 dokotala wa ziweto wa ku Australia, Marshall Edwards, anaonetsa kuti mbira za bere zikatenthedwa zimabala ana olumala ubongo.

Mbewa imakhala ndi bere pafupifupi masiku 20 okha. Cha pa tsiku la 8 kufika la 10, kachubu kamene kamadzakhala ubongo ndi mtsempha wa mumsana kamakhala kakutsekeka. Thupi la mayi likafika madigiri 43 kwa mphindi zowerengeka panthawi imeneyi, maselo ambiri a kachubuko amafa, ndipo mwana akhoza kukula ubongo uli pamtunda. Chodabwitsa n'chakuti mluza ukayamba wamva kutentha kocheperako, mapuloteni oteteza aja amachuluka ndipo umapirira kutentha kwakukulu kobwera pambuyo. Mwa munthu kachubu kameneka kamatsekeka pofika tsiku la 28, mayi ambiri asanadziwe n'komwe kuti aima, ndipo kutentha thupi kwambiri m'masiku amenewa kumawonjezera chiopsezo cha kulumala kotere. M'dziko la malungo, lomwe Nsanje ndi Chikwawa zimawotcha mu Okutobala, imeneyi si nkhani yosewera.

Tsono inu abambo, udokotala ndi ntchito yabwino, koma kumubweza mwana amene ali kale ndi digiri kuti akayambirenso zaka zina zambiri, malo ake olimbirana, chifukwa choti mukufuna kumatchedwa bambo a dokotala, n'kuganizira dzina lanu osati tsogolo lake. Pano wina wavomera kumulipirira sukulu. Mwayi wotere subwera chaka chilichonse.

Koma za mankhwala oteteza makandazo, mwana wanga, uziiwale. Masitazi ndi zaka ziwiri zokhala pa maikulosikopu, kutulutsa kamluza kotalika mamilimita awiri kapena atatu ndi timapaniro tosongoka, dzanja lisakunjenjemera. Udzapanga Western blot (njira yoyezera mapuloteni imene imawaonetsa ngati mizere) mpaka usiku, mizere osatuluka, mawa n'kuyambiranso. Udzapha mbewa zambiri, ndipo sudzakhudza ndi imodzi yomwe komiti yoona za kasamalidwe ka nyama isanavomereze. Ukamaliza, palibe amene adzakhale akukudikira pabwalo la ndege ndi kalata ya ntchito. Ntchito zambiri za kafukufuku kuno ndi za kontilakiti, zodalira ndalama za opereka thandizo.

Ngakhale zili choncho, ine ndikuti pita. Chimene ukatenge ndi luso la manja: PCR (njira yochulukitsira tizidutswa ta DNA kuti tiyezeke), kuyeza mapuloteni, kusanthula manambala, kulemba lipoti lomveka. Malo ngati Malawi-Liverpool-Wellcome ku Blantyre amafufuza malungo ndi matenda ena ndi luso lomweli, ndipo a ziweto nawo akulimbana ndi ng'ombe za mkaka zimene zimavuta kutenga bere nyengo yotentha.

Usanasaine chilichonse, lembera mphunzitsi amene adzakuyang'anire. Umufunse ngati ndalama za mbewa ndi mankhwala a mulabotale zilipo kale, ngati thandizolo likuphatikiza lendi ndi inshuwalansi ya chipatala yofunika pa viza, komanso kuti ophunzira ake akale ali kuti tsopano. Akazemba funso lomalizali, funsa ophunzirawo mwachindunji.