Funsani za Masamu: integral iwiri pa dimba limodzi

Funso: Ndikuphunzira calculus ku koleji. Integral imodzi ndimaimva, koma ∬ h dA pa dera R yandizunguza mutu. Kodi pamenepa tikuwerengera chiyani kwenikweni? Wophunzira, Nchalo

Yankho: Taganizani dimba la m'mbali mwa Shire madzi atasefukira. Dimbalo ndiye R, ndipo h ndi kuya kwa madzi pamalo pamene mwaima. Liduleni m'maganizo tizidutswa ting'onoting'ono; kukula kwa kachidutswa kamodzi ndiko dA. Mukachulukitsa h ndi dA mwapeza madzi a pa kachidutswako. Muwonkhetse tonse, tizidutswato tikunka ticheperachepera, mupeza madzi onse a m'dimbamo. h akakhala 1 paliponse, yankho ndi kukula kwa dimba basi.

Pamene ambiri amagwa ndi pa malire. Tinene kuti dimbalo ndi la makona atatu: nsonga ili kumtunda, ndipo limanka litambasuka kwa mamita 20 mpaka kumtsinje, kumene mulifupi mwake ndi mamita 10. x ndi mtunda wochokera pansonga kulowera kumtsinje, y ndi mtunda wopingasa dimbalo, motero y amayambira pa 0 kulekeza pa x/2. Kuya ndi h = 0.05x, kutanthauza mita imodzi m'mphepete mwa mtsinje.

Yambani ndi integral yamkati. Gwirani x asasunthe, muyendetse y kuchoka pa 0 kufika pa x/2: mupeza 0.05x × x/2, ndiye 0.025x². Kenako yakunja, x kuchoka pa 0 kufika pa 20: 0.025 × 8000/3, pafupifupi makiyubiki mita 66.7.

Wina amalemba kuti y afike pa 10 paliponse, napeza 100. Ameneyo wawerengera dimba la makona anayi, walowa m'munda mwa mnzake. Wina amati kuya kwapakati ndi theka la mita, nachulukitsa ndi masikweya mita 100, napeza 50. Nayenso waphonya, chifukwa mbali yotambasuka ya dimbali ndi yomweyo yakuya. N'chifukwa chake timalimbikira kuti muzijambula R musanalembe malire aliwonse. Malire a yamkati akhoza kukhala ndi x, koma a yakunja azikhala manambala okhaokha. x akatsalira mu yankho lomaliza, malire mwawasokoneza.

Kuti mutsimikize, tembenuzani ndondomeko: mkati x achoke pa 2y kufika pa 20, kunja y achoke pa 0 kufika pa 10. Lamulo la Fubini limati pa h wosadukiza ngati uyu njira ziwirizi zigwirizane, ndipo mupezanso 66.7.